Beowulf: muyambire pa buku, pa filimu kapena pa zeze?

Ndakatulo ya Beowulf imayamba ndi kaliwu kamodzi: Hwæt. Akatswiri a Chingerezi chakale sanamvanebe za kaliwuka. Ena amati ndi mfuu yoitana anthu kuti atchere khutu, ena amati ndi mbali chabe ya chiganizo choyamba. Koma ife amene tinakulira pa nthano za kumoto timamva msanga ntchito imene omasulira ambiri amakapatsa, ntchito ija ya "Padangokhala!" pamene ana akuyembekezeka kuvomera kuti "Tili tonse!" J.R.R. Tolkien anaikapo "Lo!", mawu onunkha mabuku a fumbi. Seamus Heaney wa kumpoto kwa Ireland anaikapo "So.", monga amayambira nkhani mkulu wodziwa kuti palibe amudule pakamwa. Maria Dahvana Headley wa ku America anaikapo "Bro!", ngati mnyamata wa pa bala amene akukoka mnzake malaya kuti "aise, tamva izi". Musanafike n'komwe pa liwu lachiwiri, mwakumana kale ndi alakatuli atatu osiyana, ndipo aliyense akulonjeza kuti Beowulf weniweni ndi wakeyo.

Mphunzitsi amene akufuna kuonetsa ophunzira kumene ndakatulo za Chingerezi zinachokera, kapena munthu amene anangoona filimu n'kufuna kudziwa gwero lake, ayenera kusankha khomo lolowera. Makomo alipo ambiri, ndipo si onse amene amakufikitsani m'nyumba imodzi.

Chimene tikukanganiranachi n'chiyani?

Beowulf ili ndi mizere 3,182, ndipo amene anaipeka sadziwika dzina. Inatifika kudzera m'buku limodzi lokha lolembedwa pamanja pa zikopa cha m'ma 1000, limene lero likusungidwa ku British Library mu London. Mu 1731 moto unabuka ku Ashburnham House kumene bukuli linali, ndipo linapulumuka litawauka m'mphepete, moti zilembo zina zinayamba kuyoyoka. Grímur Thorkelin wa ku Iceland ndiye anakopera mawu ake zaka za m'ma 1780, n'kulisindikiza koyamba mu 1815. Chingerezi chake si chimene mungawerenge ndi Chingerezi cha kusukulu. Ngakhale Mngelezi wobadwira ku London amachita kuchiphunzira ngati chilankhulo chachilendo.

Nkhaniyo siichitikira ku England. Hrothgar, mfumu ya anthu a ku Denmark, wamanga nyumba yaikulu yochitiramo madyerero yotchedwa Heorot. Chilombo chotchedwa Grendel, chimene mlakatuli akuti ndi cha mbumba ya Kaini, chikumabwera usiku kudzadya anthu kwa zaka 12. Beowulf, mnyamata wa fuko la Geat kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Sweden, akuwoloka nyanja ndi anzake 14, akulimbana ndi chilombocho opanda lupanga, mpaka kuchizula mkono. Usiku wotsatira mayi wa Grendel akubwera kudzalipsira mwana wake, ndipo Beowulf akumutsatira pansi pa dziwe. Kenako ndakatulo ikulumpha zaka 50. Beowulf ndi mfumu yokalamba, munthu wina waba chikho pa chuma cha chinjoka cholavula moto, ndipo nkhalambayo ikupita kukamenyana nacho. Asilikali ake akuthawira m'thengo, kutsala mmodzi yekha, Wiglaf. Chinjoka chikufa, mfumu nayo ikufa.

Ndakatuloyi imayamba ndi maliro a mfumu yoikidwa m'ngalawa, imathanso ndi maliro. Pamapeto mayi wina wa fuko la Geat akulira pa nkhuni zotenthera mtembo, akulosera kuti adani abwera, anthu aphedwa, otsala atengedwa ukapolo. Chuma chimene mfumu inafera akuchikwirira m'nthaka. Ine ndikamayesa njira iliyonse yofotokozera Beowulf ndimafunsa ngati yasunga maliro amenewa, ngati ikumveka bwino poiwerenga mokweza, ndiponso kuti mayi wa Grendel yamuchita chiyani. Zambiri zimagwa pa funso loyambalo.

Kuyamba ndi khutu

Ndakatulo za Chingerezi chakale sizidalira kufanana kwa mathero a mizere. Mzere uliwonse umadulidwa pakati, uli ndi malo anayi otsindika, ndipo mbali ziwirizo zimamangidwa pamodzi ndi kubwereza liwu loyamba la mawu. Kwa ife ichi si chachilendo, chifukwa Chichewa chimatipatsa kubwerezaku kwaulere: "chilombo cholusa chochokera kuchithaphwi chinadza chakumadzulo". Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kumachokera ku galamala, pamene kwa iwo mlakatuli ankachita kukusaka ndi kukuika pa malo otsindika okha. Palinso mawu ophiphiritsa a magawo awiri ofanana ndi zilape zathu. Nyanja ndi "msewu wa namgumi", thupi ndi "nyumba ya mafupa", mfumu ndi "wopereka mphete". Ophunzira amene amadziwa kuyankha chilape sachedwa kuzolowera masewera amenewa.

Ndiye chifukwa chake ndimaika Benjamin Bagby patsogolo pa onse. Woyimba wa ku America ameneyu, mmodzi mwa oyambitsa gulu la nyimbo zakale la Sequentia, amalakatula gawo loyamba la Beowulf m'Chingerezi chakale chenichenicho, pamtima, akuliza kazeze ka zingwe zisanu ndi chimodzi kopangidwa motsanzira zoimbira zimene zinafukulidwa m'manda akale a ku Ulaya. Amang'ung'udza, amanong'ona, amakuwa, amasintha mawu ngati agogo akamatsanzira fisi. Simumva tanthauzo popanda mawu omasulira apansi pa kanema, koma mphindi khumi zokha zimakwana kuti munthu azindikire kuti chinthuchi chinapangidwira makutu a anthu okhala pa mowa, osati maso a wophunzira wokonzekera mayeso. Vuto lake ndi loti amathera pa kugonja kwa Grendel, ndiye mayi uja ndi chinjoka simukumana nawo. Ndi chotsegulira njala, osati nsima.

Omasulira atatu

Buku la Heaney linatuluka mu 1999, patatha zaka zinayi iye atalandira mphoto ya Nobel, ndipo linapata mphoto ya Whitbread ya buku lopambana la chakacho. Ndi zosowa kuti ndakatulo ya zaka pafupifupi chikwi igulidwe ngati buku latsopano, koma iyi inagulidwa. Heaney anasunga malo anayi otsindika pa mzere, anasunganso kubwereza kwa mawu koma mosakakamiza. Chimene chinautsa mkangano ndi chakuti analowetsamo mawu a kwawo ku Ulster, monga "thole", kutanthauza kupirira, limene anati ankalimva kwa achibale ake asanalipeze m'Chingerezi chakale, ndi "bawn", linga la atsamunda achingelezi ku Ireland, limene analigwiritsa ntchito ponena za nyumba ya Hrothgar. Akatswiri ena anadandaula kuti uyu ndi Heaney wochuluka, Beowulf wochepa. Kudandaulako kuli ndi maziko, chifukwa pali malo amene anakometsera kuposa mmene mawu akale akunenera. Komabe kwa ine, munthu wa ku Ireland kutenga ndakatulo imene Angelezi amaiyesa chiyambi cha mabuku awo n'kuilankhulitsa ndi lilime la kumudzi kwawo ndi phunziro palokha kwa aliyense amene anaphunzira Chingerezi ngati chilankhulo cha mwini mphamvu. Ndipo pa maliro omaliza Heaney sachita manyazi ndi chisoni, amachipatsa malo. Iye mwini anawerenga zigawo zake pa wailesi ya BBC, ndipo mawuwo anajambulidwa. Palinso mtundu wa bukuli umene uli ndi Chingerezi chakale tsamba lakumanzere, cha Heaney lakumanja. Ngati ndalama ikukwanira buku limodzi lokha, gulani limeneli.

Tolkien ndi nkhani ina. Anamaliza kumasulira kwake mu 1926 koma sanakusindikize, ndipo mwana wake Christopher ndiye anakutulutsa mu 2014. Si ndakatulo, ndi nkhani yolembedwa m'ziganizo zazitali, za Chingerezi chachikalekale chimene chimatopetsa wophunzira wa sekondale pasanathe masamba atatu. Phindu la bukuli lili kumbuyo, m'ndemanga zochokera ku zimene ankaphunzitsa ku Oxford, mmene amatha kukhala pa liwu limodzi masamba angapo. Ndi buku la mphunzitsi usiku pokonzekera, osati lopatsa kalasi. Tisaiwalenso kuti Tolkien ndiye anasintha kawerengedwe ka Beowulf ndi nkhani imene anakamba mu 1936. Akatswiri a nthawiyo ankafukula m'ndakatuloyi mbiri ya mafuko ndi mafumu, n'kumaona zilombo ngati zachibwana zoononga ntchito yabwino. Iye anati zilombozo ndiye mtima wake. Chaka chotsatira anatulutsa The Hobbit, mmene wakuba akutenga chikho pa chuma cha chinjoka chogona, chinjokacho n'kudzuka ndi ukali. Ophunzira amene anaonapo mafilimu a nkhani za Tolkien amakhala atalawa kale Beowulf osadziwa, ndipo ndi mlatho wabwino woyambira.

Headley, amene buku lake linatuluka mu 2020 n'kupata mphoto ya Hugo chaka chotsatira, anamva m'ndakatuloyi mawu a amuna odzitama pa mowa, ndipo sanalakwe, chifukwa Beowulf amadzichemerera kwambiri asanamenye nkhondo iliyonse. Anasakaniza mawu akale, a mumsewu, a pa intaneti, ndi otukwana omwe. Powerenga mokweza imathamanga, imaseketsa, ndipo kubwereza kwa mawu kumamveka ngati nyimbo za rap. Koma ntchito yake yaikulu ili pa mayi wa Grendel. M'Chingerezi chakale muli liwu lakuti aglæca, limene mlakatuli analigwiritsa ntchito pa Grendel, pa mayi wake, pa chinjoka, komanso pa Beowulf mwiniyo. Kwa zaka zambiri omasulira akalipeza pa Beowulf ankalemba "ngwazi", akalipeza pa mayi uja n'kulemba mawu osonyeza chilombo chonyansa. Headley anamubwezera ulemu wa msilikali wamkazi amene wabwera kudzalipsira mwana. Ndipo malinga ndi malamulo a anthu a m'ndakatuloyi, mayiyo sanachite chachilendo: anapha munthu mmodzi, Æschere, mlangizi wokondedwa wa mfumu, moyo kulipa moyo. Apa pali mkangano wokoma wa m'kalasi.

Nkhawa zanga ndi ziwiri. Mawu a pa intaneti amakalamba msanga kuposa Chingerezi cha zaka chikwi, moti zina zimene zinali zatsopano mu 2020 zayamba kale kumveka ngati fasho ya dzana. Chachiwiri, kutukwanako kungakuitanitseni kwa ahedi. Ndi buku la ophunzira akuluakulu, ndipo limakoma kwambiri mukaliika pambali pa la Heaney, ndime imodzimodzi, n'kufunsa kuti ndani wanena zoona.

Kwa amene alibe ndalama ya buku, zomasulira zakale monga za Francis Gummere ndi za Lesslie Hall zimapezeka kwaulere pa Project Gutenberg. Chingerezi chake n'cholimba ngati chimanga chokazinga, koma nkhani yonse ilimo mpaka maliro.

Mafilimu

Apa ndiye pamene anthu ambiri amalowera, ndipo apa ndi pamene ndimadandaula kwambiri. Filimu ya Robert Zemeckis ya 2007, yolembedwa ndi Neil Gaiman ndi Roger Avary, inajambula mayendedwe a anthu enieni n'kuwasandutsa zithunzi za pakompyuta. Ray Winstone ndi Beowulf, Anthony Hopkins ndi Hrothgar, Angelina Jolie ndi mayi wa Grendel. Olembawo anaona kuti nkhondo zitatu za m'ndakatulo sizilumikizana mmene filimu imafunira, ndiye anazisoka ndi ulusi wawo: Grendel ndi mwana wa Hrothgar amene anabereka ndi chiwanda chachikazi, Beowulf sanamuphe mayiyo koma anagona naye n'kunama pobwerera, ndipo chinjoka ndi mwana wake. Monga nkhani payokha, n'zochenjera. Koma taonani chimene chatayika. M'ndakatulo, Beowulf safa chifukwa cha tchimo lobisika la pa unyamata. Amafa chifukwa wakalamba, chifukwa anthu amene anawapatsa mphete ndi malupanga athawa, ndiponso chifukwa ngakhale mfumu yabwino imatha. Filimu inasandutsa chisoni chopanda wolakwa kukhala mlandu wa chigololo, ndipo mayi wolira mwana anasanduka mkazi wokopa amuna. Wophunzira amene waona filimuyi yokha adzalemba pa mayeso zinthu zimene mulibe m'mizere 3,182 ija, ndipo adzazilemba motsimikiza.

Sindikunena kuti musaionetse. Ionetseni pambuyo pa kuwerenga, zigawo zosankha, popeza muli maliseche ndi magazi, ndipo funsani kalasi kuti olemba filimu anaopa chiyani m'ndakatulo kuti afike poisintha chotere. Ili ndi kanthu kamodzi kabwino kamene ambiri sakaona: Grendel wake amalankhula mawu otsanzira Chingerezi chakale.

Beowulf & Grendel ya 2005, yojambulidwa ku Iceland, mmene Gerard Butler ndi Beowulf, imamupatsa Grendel chifukwa: Hrothgar anapha bambo ake iye ali mwana. Mapiri ndi nyanja zake n'zokongola, koma chinjoka ndi ukalamba mulibe. The 13th Warrior ya 1999, yochokera ku buku la Michael Crichton la 1976, imachotsa zamatsenga zonse, zilombo n'kukhala anthu ovala zikopa za zimbalangondo, ndipo nkhani imaonedwa ndi maso a mlendo wachiarabu, Ahmad ibn Fadlan, munthu weniweni wa m'mbiri amene anatumidwa kuchoka ku Baghdad n'kukafika ku mtsinje wa Volga mu 922. Ndi yosangalatsa madzulo a Loweruka, koma ubale wake ndi ndakatulo ndi wa chisuweni chakutali.

Mafilimu onsewa ali ndi matenda amodzi. Safuna chilombo chopanda chifukwa, ndiye amachipezera bambo, mlandu kapena mbiri. Mlakatuli wakale sanavutike nazo. Grendel amadana ndi phokoso la zeze ndi chimwemwe cha m'nyumba yowala pamene iye ali kunja mumdima, basi.

Zithunzi, mabuku a ana, ndi chilombo chikadzilankhulira

Buku la zithunzi la Gareth Hinds, limene mtundu wake wodziwika unatuluka mu 2007, ndi limene ndimalikhulupirira kuposa filimu iliyonse. Limatsata nkhondo zitatu zonse m'dongosolo lake, silionjezera ana apathengo, ndipo nkhondo zimajambulidwa masamba angapo popanda mawu. Kwa wophunzira amene Chingerezi chikumuvutabe, limapereka mafupa a nkhani m'ola limodzi, kuti akafika pa Heaney asasochere. Chimene silingapereke ndi kaimbidwe, komanso nkhani zapambali zimene mlakatuli amapatukiramo, za maukwati olephera kuyanjanitsa mafuko ndi za kulipsirana kosatha. Zapambalizo owerenga atsopano amaziona ngati zosokoneza, koma ndi zimene zimakuuzani chifukwa chake mayi wa fuko la Geat uja akulosera ukapolo.

Kwa ana aang'ono kuli Rosemary Sutcliff wa 1961 ndi Michael Morpurgo wa 2006, onse ofotokoza nkhani m'mawu osavuta. Kulinso Bea Wolf ya 2023, ya Zach Weinersmith ndi wojambula Boulet, mmene Heorot ndi kanyumba ka ana ka mumtengo ndipo chilombo ndi bambo woyandikana nawo amene akakhudza mwana amamukalambitsa. Nkhani yasinthiratu, koma chodabwitsa n'chakuti kabukuka kanasunga kubwereza kwa mawu ndi zilape zija kuposa mafilimu onse pamodzi.

Grendel ya John Gardner, ya 1971, imapereka pakamwa kwa chilombo kuti chinene mbali yake. Ndi buku la nzeru zakuya, lofunsa ngati moyo uli ndi tanthauzo, ndipo mlakatuli wa pabwalo la mfumu amaoneka ngati wabodza waluso amene amasandutsa kuphana kukhala ulemerero. Limapindula kwa amene waidziwa kale ndakatulo. Kuyamba nalo kuli ngati kumva apilo ya mlandu umene simunamve chigamulo chake.

Chimene owerenga athu amaona msanga

Pali zinthu m'ndakatuloyi zimene ophunzira a ku Ulaya amafunika kufotokozeredwa koma kwa ife zili poyera, ndipo njira imene mwasankha iyenera kuzisunga. Beowulf ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu Hygelac, ndiye kuti Hygelac ndi atsibweni ake, ndipo kukhulupirika kwake konse kwagona pa ubale umenewu. Mphatso zimene analandira ku Denmark akukazipereka kwa amalume akewo. Hygelac ndi munthu wa m'mbiri: wolemba mbiri Gregory wa ku Tours analemba za imfa yake pa nkhondo ina ya m'mphepete mwa nyanja cha m'ma 520. Komanso Beowulf sanapite ku Heorot chifukwa cha mtima wabwino wokha. Bambo ake Ecgtheow anapha munthu kale, ndipo Hrothgar ndiye analipira dipo kuti mlandu uthe, choncho mwana akukabweza ngongole ya pamtundu. Mlandu wina wa Grendel m'maso mwa mlakatuli ndi woti amapha osalipira. Heaney, Tolkien ndi Headley onse ali nazo izi. Mafilimu amazidutsa mothamanga kapena kuzisiya.

Ndikanapatsidwa masabata atatu ndi kalasi ya achinyamata okhwima, tsiku loyamba ndikanazimitsa magetsi n'kuwaikira Bagby mphindi khumi popanda kufotokoza kalikonse. Kenako Hinds kuti nkhani ikhazikike, limodzi ndi zithunzi za chisoti ndi zokongoletsa zagolide za ku Sutton Hoo, manda a ngalawa amene anafukulidwa ku Suffolk mu 1939, kuti aone kuti maliro a m'ngalawa aja si zopeka. Sabata yachiwiri yonse ndi Heaney, mokweza, mosinthana, aliyense apeke chilape chake cha magawo awiri m'Chichewa cha basi, foni kapena njala. Ndime ya mayi wa Grendel tikanaiwerenga kawiri, kwa Heaney ndi kwa Headley. Zemeckis akanabwera Lachisanu lomaliza, mphindi makumi awiri zokha, titawerenga kale za asilikali 12 okwera pa akavalo amene akuzungulira chiliza cha mfumu yawo pa phiri loyang'ana kunyanja.